Ulendo wa pa njinga m'tsinde mwa phiri la Domwe

Phiri la Domwe limaonekera patali. Kukacha bwino, makamaka m'miyezi ya Epulo ndi Meyi pamene mvula yangoleka kumene ndipo fumbi ndi utsi wa lupsa zisanayambe, munthu woima pa zitunda za m'malire amaliona lili njoo pakati pa minda ya chimanga ndi mbatata ya kachewere. Phirili lili m'boma la Angonia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo nsonga yake ili pa mamita pafupifupi 2,095 kuchokera pa nyanja ya mchere. Phiri la Dedza, lomwe ndi la mamita 2,198, limangolipambana ndi mamita 100 ndi pang'ono chabe. Pa zikwangwani za boma dzinali limalembedwa m'Chipwitikizi kuti Dómuè, monganso Ulongwe amalembedwa Ulónguè, koma eni dera amangoti Domwe monga ankanenera makolo awo.

Anthu ambiri amene amapita kumeneko kapena kuchokerako sakwera galimoto. Amapalasa njinga, ndipo kawirikawiri njingayo imakhala itasenza katundu wolemera kuposa mwini wake. Choncho amene akufuna kudziwa bwino njira za ku Domwe afunse mlimi wa mbatata, osati dalaivala wa lole. Dalaivala amawerenga makilomita. Mlimi amawerenga zitunda, ndipo chitunda chilichonse amachidziwa ndi thukuta lake.

Pali chifukwa chimene njira zonse zochokera ku Angonia kulowa m'Malawi zimathera pa chikweza. M'chaka cha 1891, Angelezi ndi Apwitikizi adagwirizana kuti malire a maiko amene ankawalamula kuno atsate msana wa mtunda umene umagawa madzi. Mvula yogwa mbali ino imatsikira ku nyanja ya Malawi ndi ku Shire, pamene yogwa tsidya linalo imalowa m'mitsinje yopita ku Zambezi, monga Revubwe amene amakathira madzi ake pafupi ndi mzinda wa Tete. Azunguwo sadafunse mfumu iliyonse, ndipo adadula pakati midzi ya anthu a mtundu umodzi. Kwa wapanjinga, pangano limenelo tanthauzo lake n'lapafupi: malire ali pamwamba. Wochokera ku Malawi amalowa m'Mozambique ndi mtsetse, wochokera ku Mozambique amalowa m'Malawi akukankha. Tsoka lake n'lakuti katundu wolemera amachokera kumunsiko.

Njira yodziwika kwa mlendo imayambira pa chipata cha Dedza, chimene tsidya linalo amachitcha Calomue. Tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600, ndipo m'mawa wa mwezi wa Juni zala zimachita kuuma pa handulo. Munthu akamaliza za pachipata amatenga msewu wa tala wolowera kummwera, wa nambala N304, umene umadutsa pa Ulongwe n'kukakumana ndi msewu waukulu wa ku Tete pa Mussacama. Kuchoka pachipata kufika pa Ulongwe ndi makilomita pafupifupi 40. Ku Mozambique nakonso magalimoto amayenda kumanzere monga ku Malawi, ndipo nthawi ya pa wotchi ndi imodzimodzi, kotero palibe chachilendo chosokoneza mutu. Chachilendo ndi zikwangwani zokha, chifukwa moni wa m'njira ndi Chichewa chomwechi.

Msewu umenewu suli mtsetse wokhawokha ayi. Dziko la Angonia lili ngati mizere ya m'munda wa chimphona: kutsika kudambo, kuoloka kamlatho, kukwera, kutsikanso. Komabe akaphatikiza zonse, wapanjinga amakhala atatsika mamita pafupifupi 300 pofika pa Ulongwe. Mwendo umadziwa zimenezi ngakhale mwini wake sadapite ku sukulu. Popita munthu amafika akuimba mluzu. Pobwera ndi pamene amadziwa kuti mtsetse uja idali ngongole.

Ulongwe ndiye likulu la boma la Angonia. M'nthawi ya Apwitikizi ankatchedwa Vila Coutinho, ndipo mpaka lero ambiri amangoti "ku Vila". Apa ndi pamene munthu wanzeru amaonetsa njinga yake kwa okonza, amene amakhala pansi pa mitengo pafupi ndi msika ndi pampu, beseni la madzi loonera pobooka chubu, ndi mulu wa masipoko akale. Amagulanso buledi wa Chipwitikizi uja wolimba kunja, amene safinyika m'thumba ngati mabanzi. Ndalama ya kumeneko ndi metikali. M'misika ya m'malire kwacha imayendanso, koma munthu akamalowa m'kati, ndi bwino akhale ndi ndalama ya eni dziko kuti asamakangane ndi wogulitsa thobwa pa nkhani ya kasinthidwe.

Kuchoka pa Ulongwe, njira ya ku Domwe imakhotera kumpoto chakumadzulo. Umenewu ndi msewu wa R604, umene umapitirira mpaka ku Furancungo, likulu la boma la Macanga. Woona pa mapu angadabwe, chifukwa kudzera ku Ulongwe n'kuzungulira: munthu amatsika kummwera kenaka n'kubwereranso chakumpoto, pamene Domwe ali kufupi ndi malire. N'chifukwa chake eni dera ali ndi njira zawo zachidule za fumbi, zodutsa m'minda ndi m'madambo, zimene zimatulukira kumadzulo kwa boma la Dedza. Njira zimenezo ndi za anthu odziwana, amene ali ndi apongozi mbali ino ndi amalume mbali inayo. Mlendo asazitengere, chifukwa malamulo a maiko onse awiri amafuna kuti munthu adutsire pachipata ali ndi zikalata zake, ndipo njira yachidule ilibe chikwangwani. Pa mphambano iliyonse pamafunika kufunsa. Paja safunsa adadya phula.

Chigawo ichi ndicho chokoma pa ulendo wonse. Magalimoto amachepa, ndipo m'malo mwake wapanjinga amapambana ngolo za ng'ombe zodzaza ndi chimanga, anyamata oweta ali ndi zikwapu, ndi amayi osenza mitolo ya nkhuni amene amapatuka akamva belu. M'madambo muli madimba a kabichi, anyezi, tomato ndi mbatata ya m'chilimwe, yothiriridwa ndi madzi a m'ngalande. Pa mitunda pali chimanga, nyemba, soya ndi zigafa za fodya. Midzi yambiri ili ndi mitengo ya mapichesi kuseri kwa nyumba, chizindikiro chakuti kuno n'kozizira. Sipachabe anthu amati Angonia ndi nkhokwe ya chigawo cha Tete, pakuti kumunsi ku Zambezi dzuwa limawotcha ndipo mvula ndi yochepa, pamene kuno imagwa yokwanira pafupifupi chaka chilichonse. Phiri lija limayamba kukula pang'onopang'ono kutsogolo, nthawi zina kubisala kuseri kwa chitunda n'kutulukanso lili pafupi kuposa kale.

Amene ali ndi nthawi amakhota kukaona mishoni ya Lifidzi, imene ansembe a chipani cha Ajezuiti adaitsegula chaka cha 1910 chisanafike. Adachotsedwa m'dzikomo boma la Portugal litasintha, ndipo adabwereranso mu 1941. Agogo ambiri a m'dera lino, ngakhale ena amene adadzakhazikika ku Dedza ndi ku Ntcheu, adaphunzirira kuwerenga kumeneko. Pafupi ndi Lifidzi pali mudzi wa Chapotera. Usiku wa pa 30 Okutobala 1985, nkhondo ili pachimake, anthu onyamula zida adatenga ansembe awiri pamalopo, Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa ku Angonia konko, ndi Bambo Sílvio Alves Moreira wa ku Portugal, n'kuwapha. Matupi awo adapezeka patapita masiku. Akhristu a m'dayosizi ya Tete amapitabe kumeneko kukapemphera, ambiri a iwo pa njinga.

Nkhani ya nkhondo siichedwa kutuluka munthu akakhala pansi ndi akuluakulu a kuno. Nkhondo ya pachiweniweni idatha ndi pangano la mtendere limene lidasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Pofika nthawi imeneyo anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni adali atathawira ku Malawi, ndipo maboma a Dedza ndi Ntcheu adalandira ochuluka zedi. Midzi yambiri ya ku Angonia idatsala mabwinja, njira zidamera tsekera. Anthu atayamba kubwerera, kuyambira 1993 mpaka 1995, misewu idali yoonongeka ndipo milatho ina idali itagwa. Chimene chidanyamula malata, mbewu, mapoto ndi ana aang'ono kubwerera kumudzi nthawi zambiri idali njinga, ndi mutu wa mayi. Mantha a mabomba okwirira adakhalapo kwa zaka zambiri, mpaka mu Seputembala 2015 pamene boma la Mozambique lidalengeza kuti malo onse odziwika kuti adali ndi mabombawo ayeretsedwa.

Domwe weniweni ndi kamalo ka boma kokhala ndi ofesi, msika, sukulu ndi chipatala chaching'ono, pakuti boma la Angonia lidagawidwa m'zigawo ziwiri zokha, cha Ulongwe ndi cha Domwe. Woyembekezera tauni angakhumudwe. Ulemu wa malowa uli m'mbiri yake. Angoni a kwa Maseko, atachoka kummwera kwa Africa n'kuoloka Zambezi, adayamba akhala m'tsinde mwa phirili asanapitirire motsogozedwa ndi Mputa mpaka ku Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Mputa adafera komweko. Chidyaonga ndiye adawabweza, ndipo cha m'ma 1870 adakhazikikanso ku Domwe. Atamwalira Chidyaonga mu 1878, ufumu udapita kwa Chikuse, mwana wa Mputa, kenaka kwa Gomani, amene Angelezi adamupha mu 1896. Malire a 1891 aja adagawa ufumu umenewu pawiri, mwakuti Mngoni wa ku Ntcheu, wa kwa Kachindamoto kapena wa ku Angonia akamatchula Domwe amatchula kwawo. Dzina lenilenilo lakuti Angonia likuchokera pa mtundu womwewu. Achewa adalipo kale Angoniwo asanafike, ndipo chilankhulo chawo ndicho chidapambana pakamwa pa onse.

Apa ulendo wa mlendo umakhala watha, koma wa mwini dera ndi pamene ukuyamba. Tsiku la msika iye amadzuka tambala woyamba asanalire. Thumba la mbatata, lija losokerera pamwamba kuti lilowe zambiri, amaligoneka pa kaliyala yowotcherera zitsulo zoonjezera, n'kulimanga ndi malegeni mpaka lisagwedezeke. Ena amapachikanso kathumba kena pa mtanda wa njinga. Njinga zambiri za ntchito imeneyi ndi zija zakuda zopanda magiya, zochokera ku India ndi ku China, zimene pazokha zimalemera makilogalamu pafupifupi 20. Pa malo osalala katundu wotere amayenda bwino, chifukwa njinga ikangoyamba kuthamanga imadzikoka yokha. Chitunda chikangoyamba, kupalasa kumatheratu. Munthu amatsika, dzanja limodzi pa handulo, lina pa thumba, phewa kutsogolo, n'kumakankha pang'onopang'ono. Akafuna kupuma amaika mwala kuseri kwa tayala. Anthu oyenda awiriawiri amathandizana: amakweza njinga imodzi pamwamba, n'kubwerera kukatenga inzake, kutanthauza kuti chitunda chimodzi amachiyenda katatu.

Wogula wa pa msika wa Lizulu, wa Chimbiya kapena wa pa Dedza saona zimenezi. Amaona thumba lokha. Ndipo amadziwa chinthu chimodzi chimene chimamupatsa mphamvu pokambirana mtengo: munthu amene wakweza thumba mpaka pamwamba sangalibwezenso kumudzi. Dzuwa likamapendeka, mtengo umene mlimi adaukana m'mawa amaulandira. Apa ndi pamene mavenda okhala ndi malole amadyera. Iwo amatsata mbatata mpaka kumunda n'kugula motchipa, ponena kuti akumuchotsera mlimi vuto la chitunda. Mlimi ndiye amasankha pakati pa kutaya ndalama ndi kutaya mphamvu, ndipo zonse ziwiri ndi zake zomwe. Kusiyana kwa mtengo wa kumunda ndi wa kumsika ndiwo malipiro a chitunda, ndipo alimi amene amasonkhanitsa katundu wawo pamodzi kuti apeze ngolo kapena galimoto imodzi amakhala atachenjera.

Komabe chitunda sichipha munthu. Chopha ndi mtsetse. Mabuleki a njinga zakudazi ndi timphira tiwiri togwira limu ya chitsulo, ndipo adapangidwira munthu mmodzi ndi kakatundu kochepa. Limu ikanyowa ndi mame kapena mvula, mphira umangotsetsereka osagwira kanthu. Thumba lolemera kumbuyo limapepukitsa tayala lakutsogolo, mwakuti handulo imayamba kunjenjemera njinga ikathamanga. Pansi pa mtsetse uliwonse kuno pamakhala dambo, ndipo pa dambo pamakhala kamlatho kopapatiza kapena mchenga, malo enieni amene munthu amafikapo ali pa liwiro loopsa. Anyamata ena amaponda tayala ndi patapata kuti achepetse liwiro, ndipo amaseka mnzawo amene watsika n'kumayenda pansi. Akuluakulu amene akhala pa ntchitoyi zaka zambiri saseka. Iwo amatsika pamwamba pomwe, nagwira njinga ngati akutsogolera ng'ombe yolusa. Timphira ta mabuleki n'totsika mtengo kuposa mbale imodzi ya mbatata, koma n'zodabwitsa kuti ndi chinthu chimene ambiri amachigula pomalizira, atagula kale belu ndi kagalasi.

Pa msewu wa tala mdani ndi wina. Malole akuluakulu ochokera ku doko la Beira ndi ku Tete amadutsa pa Calomue kupita ku Lilongwe, ndipo mphepo yawo yokha imatha kugwetsa njinga yolemedwa. M'zaka zaposachedwapa njinga zamoto zachuluka mbali zonse ziwiri za malire, zambiri zoyendetsedwa ndi anyamata a kabaza amene adaphunzira okha kuseri kwa msika. Zathandiza kufikitsa odwala ku chipatala msanga, palibe angakane. Koma zimadutsa mopanda ulemu, ndipo madzulo wapanjinga wopanda nyali kapena kagalasi kofiira kumbuyo saoneka mpaka zitamufika. Lamulo losalembedwa la eni njira n'lakuti dzuwa likamalowa njinga ikhale itafika.

Nyengo nayo ili ndi mawu ake. Kuyambira Disembala mpaka Malichi dothi lofiira la kuno limasanduka phala, limamatirira pakati pa tayala ndi madigadi mpaka gudumu kuleka kuzungulira, ndipo munthu amayenda ndi kamtengo kokolopolera matope. Timitsinje timene m'chilimwe mwana amatidumpha timadzaza m'kanthawi kochepa mvula ikagwa kuphiri, ngakhale pamene munthu waima pasanagwe dontho. Juni ndi Julayi ndi miyezi ya chisanu ndi nkhungu, ndiponso ya mphepo ya mwera yochokera kummwera chakummawa. Wochoka ku Domwe kupita ku Ulongwe amalimbana nayo maso ndi maso, pamene wobwerera imamukankha kumsana. Okutobala ndi wa fumbi ndi ludzu. Woyenda ulendo wongoona dziko asankhe Epulo kapena Meyi, pamene njira zauma koma dziko likadali lobiriwira, chimanga chachiwisi ndi nzimbe zili paliponse.

Anthu oyenda pa njinga mongosangalala alipo ndithu, ngakhale kuno amaoneka mwa apo ndi apo. Kuyambira mu 2003, gulu la alendo lakhala likupalasa kuchokera ku Cairo mpaka ku Cape Town pa ulendo wotchedwa Tour d'Afrique, umene umadutsa m'Malawi. Mu 2024 Biniam Girmay wa ku Eritrea, dziko linanso la mapiri, adapambana zigawo zitatu za mpikisano waukulu wa Tour de France. Mu Seputembala 2025 mpikisano wa dziko lonse wa njinga za pamsewu udachitikira ku Kigali m'dziko la Rwanda, koyamba mu Africa. Chochititsa chidwi n'chakuti malo ophunzitsira akatswiri a njinga a ku Rwanda ali ku Musanze, dera lozizira la m'tsinde mwa mapiri kumene ulimi waukulu ndi wa mbatata ya kachewere, ndipo matumba ake amapita kumsika pa njinga monga kuno. Mpweya wa kumtunda ndi zitunda zosatha ndizo zimene akatswiri amazifuna pokonzekera mpikisano. Mnyamata wa ku Domwe amazipeza ulere tsiku lililonse, chimene alibe ndi njinga yopepuka ndi munthu womuonetsa njira.

Mlendo amene wabwera ndi njinga yake ya magiya, chisoti kumutu, akumbukire kuti akuyenda pakhomo pa eni. Akafika pa gulu la akuluakulu amachepetsa liwiro n'kupereka moni, ndipo pofunsa njira amatsika, sayankhula ali pachishalo. "Wawa" ndi "zikomo" zimatsegula njira zambiri kuposa ndalama. Akakumana ndi maliro amatsika n'kuvula chipewa mpaka adutse. Akakumana ndi Gule Wamkulu, amene kuno ndi wamoyo monga ku Dedza, amapatuka, kutsika, kuponya kandalama pansi ndi kudikira, ndipo sajambula chithunzi popanda chilolezo. Kukamudera pa mudzi amakaonekera kwa mfumu, ndipo mfumuyo ndi imene imamupezera pogona. Kukwera phiri lenilenilo ndi kwa miyendo, njinga imatsala m'mudzi, ndipo n'koyenera kupempha kwa eni ake ndi kutenga munthu wodziwa njira.

Kupitirira Domwe msewu umalowera ku Furancungo, kumene midzi imatalikirana, mitengo ya chilengedwe imachuluka ndipo okonza njinga amasowa. Kumeneko munthu samapita wopanda chubu chapadera, zigamba, guluu, pampu ndi sipanala. Amene miyendo yake ikufunabe zitunda angabwerere ku Ulongwe n'kutenga njira ya ku Tsangano, dziko lokwera ndi lozizira kwambiri kumene amalima ngakhale tirigu, kapena kutulukira pa chipata cha Biriwiri kufupi ndi Ntcheu. Akatero amabwerera ku Dedza pa msewu wa M1, umene pa mtunda wautali umayenda pamwamba penipeni pa malire aja. Wopalasa cholowera kumpoto amakhala ndi Mozambique kudzanja lamanzere ndi Malawi kudzanja lamanja, ndipo pa Lizulu amapeza matumba a mbatata ataunjikidwa m'mbali zonse ziwiri za msewu, njinga zimene zidawabweretsa zitatsamira pa mitengo.